Nkhuku za Che Ajidu

Foni inalira ndisanasukusule:
ku Katuli nkhuku zagona chagada,
zisanu ndi ziwiri usiku umodzi.
Ndinamangirira bokosi la ayezi pa njinga yamoto
n'kukwera zitunda za ku Namwera
mphepo ikundiluma zala.

Ndinapeza madzi ali pamoto, mpeni wanoledwa.
"Zofa zokhazi ndi haramu, sitidya,"
anatero Che Ajidu,
"koma zikusinzazi tizinge msanga.
Ndi chitopa ichi. Chimabwera chaka ndi chaka ngati msonkho."

Mwina ndi chitopa.
Kawirikawiri chimakhala chitopa.

Ndinavala magolovesi, n'kuphimba mphuno,
kathonje ndinakapisa kukhosi kwa tambala,
ana ali pa mpanda kuseka:
adokotala a nkhuku abwera!

Ndikanawauza bwanji zimene ndimawerenga usiku?
Kuti kachirombo kosaoneka ndi maso
tsiku lina kakhoza kutopa ndi nthenga
n'kusamukira m'chifuwa cha munthu,
kukwera kabaza mpaka pa Chiponde,
kutsokomola m'minibasi yodzaza,
Lachitatu pa Chileka,
Loweruka m'mizinda imene dzina lake lokha
limandipinda lilime.
Kuti masukulu akhoza kutsekedwa dziko lonse lapansi,
sitima za mankhwala kuima padoko,
okumba manda kusowa owakumbira.
Zonsezo kuyambira m'khola la nsungwi
lotsamira pa mtengo wa mango.

Amati tsoka silinunkha.
Ine ntchito yanga n'kulinunkhiza.

Tinakumba dzenje lofika m'chiuno,
tinathira laimu.
Mai Asiyatu anaphula madzi aja osandiyang'ana.
Fizi ya mwana wawo wa Fomu 2
ndinaikwirira ndi manja angawa.

Masiku asanu ndi anayi. Kenaka uthenga wa ku labu:
chitopa.

"Sindinanene?" anatero Che Ajidu pa foni.
"Mwatikwiriritsa ndiwo, achimwene."
Ndinapepesa.
Ndinalonjeza katemera Lolemba, mafuta akapezeka.

Mliri umene sunabwere ulibe chiliza,
palibe amaupangira sadaka,
wailesi siutchula.
Uli m'kope langa lokha, lonyowa m'makona,
mzere wa 214:
Katuli, nkhuku 7, si chimfine cha mbalame.

Ndikudziwa alipo ena onga ine kutali,
wina akuwerenga mileme kuphanga,
wina akutunga madzi a m'ngalande za mzinda.
Sitidziwana.
Tonse timagona foni ili pafupi ndi khutu.

Dzulo yaliranso.
Abakha atatu, ku Malombe.