Mbande za M'kabati

Zinamera zisanu ndi ziwiri.
Lero zatsala zinayi,
ndipo imodzi yazolika khosi
ngati munthu wofunsidwa mapepala pa msewu wa Rockey.

Njere zake anabwera nazo Yotamu
m'kabokosi ka machesi, pansi pa thumba la nyemba.
"Chamba cha ku Mwansambo ichi," anatero,
"sichidziwa kufa."
Iye sankamudziwa Julayi wa ku Joni,
mphepo yolowa m'chipinda osagogoda
ngati ili ndi kiyi wakewake.

Ndinafesa m'timakapu ta yogati,
kunsi nditaboola ndi msomali wotentha.
Dothi ndinatapa kwa abwana ku Linden,
kumene masana onse ndimakoka paipi
kuthirira kapinga yemwe sadyedwa ndi mbuzi,
madzi mpaka kuyenderera mumsewu,
galu wawo akusewera nawo.
Usiku ndikakwera masitepe a ku Yeoville
ndimathirira zanga
ndi supuni ya tiyi.

Poyamba sindinkatero ayi.
Ndinkathira m'mawa, ndinkathira madzulo,
ndikadzuka pakati pa usiku ndinkathiranso,
poganiza kuti kufota kulikonse ndi ludzu.
Masamba anachita chikasu,
tsinde linawonda pansi ngati ulusi wa singano,
zitatu zinagona chammbali, osadzukanso.
Nditazula, mizu inkanunkha dambo.

Ndinamuuza Ndaziona pa foni.
Anaseka, kenaka anakhala chete,
mayunitsi akutha.
"Ndiwe yemwe uja," anatero.
"Chimene wachikonda umachimiza."
Sindinafunse ngati ankanena za mbande.

Dzuwa lawo ndi babu
lolendewera pa hang'ala pakati pa malaya anga awiri.
Magetsi akazima teni koloko
dzuwa limalowa popanda madzulo.
Ndimayatsa tochi ya foni, ndikuigwira m'mwamba
mpaka mkono uchite dzanzi,
ndikudziwa bwino kuti sizithandiza kanthu.
Kungoti m'mudzi mwathu wodwala
sitimusiya yekha mumdima.

Sabata yatha mpopi unangotsokomola mpweya
masiku atatu.
Ndinali ndi botolo limodzi losunga.
Ndinamwa theka, nkhope sindinasambe,
lotsalalo ndinagona nalo m'bulangete
kuti madzi asafike pa mizu ali ozizira ngati a m'filiji.

Kabeya, wa kuseri kwa katani,
akuti ndigule zopangapanga pa kona,
mtengo wake sufika ndi wa buledi muwiri.
Zoona zake.
Komatu ine sindikudziwanso ngati ndidzasuta.
Ndikungofuna kanthu kamodzi m'tauni muno
kamene kakula chifukwa cha ine,
kopanda wondilipira, kopanda wondilalatira.

Mayi Radebe pobwera kudzatenga lendi
ananunkhiza, nayang'ana kuwala kotuluka m'ming'alu ya kabati.
Ndinati, amati zololedwa, munthu m'nyumba mwake.
Iwo anayang'ana katani, anayang'ana matiresi,
anayang'ana ine.
"Nyumba yako ndi iti?"
Anawonjezera fifite ya magetsi, natsika.

Tsopano ndaphunzira kufunsa ndi chala.
Ndimachizika m'dothi mpaka pa mfundo yoyamba,
ndimanyamula kapu, dzanja lindiuze kulemera kwake.
Kukana kuthirira nkovuta kuposa kuthirira.
Supuni imanjenjemera pamwamba pa kapu
ngati ya mayi woletsedwa kudyetsa mwana wa m'chipatala.

M'mawa uno, folo koloko,
mataxi asanayambe kuimba mahutala,
ndatsegula kabati mwakachetechete.
Yozolika ija idakali chizolikire,
ndaichirikiza ndi kamtengo ka machesi.
Koma ya kumanzere, yaying'ono pa zonse,
imene ndinali nditaiwerengera kale kwa akufa,
yatulutsa tsamba la mano a sowo,
zala zitatu, zosatambasuka bwino,
ngati khanda likuphunzira kupereka moni.

Ndazika chala. Dothi likadali ndi chinyezi.
Ndabweza supuni m'kapu ya tiyi,
ndavala ovolosi, ndatsekera Kabeya katani,
ndathamangira mzere wa ku Bree
chala chimodzi chili ndi dothi m'chikhadabo.