Ndodo ya Pansi pa Mlatho

M'mawa uliwonse, maminibasi a ku Likuni asanayambe kuitanira,
ndimatsetsereka pansi pa mlatho ndi kabuku kanga
kukafunsa mtsinje wa Lilongwe kuti wagona bwanji.
Suyankha pakamwa.
Pali ndodo yachitsulo yolembedwa manambala,
madzi amaloza okha pomwe afika.
Lero avundukula nambala yokutidwa ndi ndere,
nambala yomwe zaka khumi ndi zinayi za ntchito yanga
ndinali ndisanaionepo nkhope.

Usiku wathawu Ndaziona anatumiza chithunzi pafoni
kuchokera kudziko lozizira komwe akuphunzira unamwino.
Phiri lakuda bii, ngati mphika wosatsuka.
Akuti: Ababa, chaka chino silinavale.
Kuno mvula ya nyengo yozizira imagwa ngati ufa woyera
n'kugona paphiri miyezi isanu osasuntha.
Dzuwa likabwerera imasungunuka pang'onopang'ono
n'kumamwetsa mtsinje ndi supuni mpaka chilimwe chithe.
Chaka chino ufawo unangowazika,
ndiye alimi a kuchigwa ayamba kale kugulitsa ng'ombe
mtsinje ukadali wodzaza.

Ndinawerenga kawiri.
Chipale chofewa sindinachigwirepo ine.
Kuzizira komwe ndikudziwa ndi kwa mu Juni
ndi kwa mufiriji ya pagolosale ya a Gwaza.
Koma nkhaniyo inandimvekera ngati yakumudzi.

Phiri ndi nkhokwe, mwanawe, kulikonse.
Lanulo limasunga poyera, pamutu, aliyense akuona.
Lathu la Dzalanyama limabisa kunsi,
m'mizu ya msuku ndi mombo, m'masamba owola,
m'madambo onjenjemera ukapondapo.
Nkhungu ikagona pamenepo
mitengo imaikama usiku wonse, dontho, dontho.
Madzi amene ndimayeza mu Okutobala
ndi mvula ya Febuluwale imene inachedwa m'njira ikucheza.

Masiku ano sichezanso.
Igwa lero, mawa ili pano yofiira,
itasenza majumbo, nsapato imodzi, mbuzi yotupa,
mkuja ili ku Salima.

Pokwera kuchokera kumtsinje ndimakumana ndi Kambwiri
akukankha njinga, matumba atatu a makala,
thukuta litajambula mapu kumsana kwa malaya.
Wayenda usiku wonse.
Ali ndi ana asanu, wachitatuyo amagwa khunyu.
Timapatsana moni. Sindimunena kanthu.
Ndimunene chiyani, poti thumba lapakatilo
ndi lomwe Nachisale aphikire nyemba kwathu madzulo ano
magetsi akathima?
Phiri likutsika panjinga, thumba ndi thumba,
ndipo tonse tikulilandira ndi manja awiri.

Ku Chinsapo zigubu zafola chilirire tambala woyamba,
zachikasu zokhazokha, zomangidwa chingwe chimodzi
kuti wina asalowerere.
Mpopi ukutsokomola mphepo.
Mayi wina wandizindikira:
Inu a kabuku, madzi abwera liti?
Ngati kuti ndimawasunga m'thumba la malaya.
Ndati, ine ndimangolemba, amayi.
Wandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato
n'kubwezera mwana kumsana.

Masana ano ndamuyankha Ndaziona
mayunitsi atatsala ochepa:
Nafenso lathu likuvula.
Iye wati: Ndiye pemphererani mvula, ababa.
Ndinayamba kulemba kuti mvulayo ingabwere,
koma tiilandirira poti?
Wopempha chimanga atapasula nkhokwe
amangonenepetsa chiswe.
Uthengawo sunapite. Ukuzungulirabe mpaka pano.

Mawa ndikapempha kuofesi ndodo ina,
yoyambira pomwe iyi yathera.
Adzandiuza kuti ndilembe kalata.

Ndisanachoke ndayang'ananso pakati pa mtsinje,
paja pamene chaka chomwe ndinalembedwa ntchito
tinavuulapo ng'ombe ndi zingwe, amuna asanu ndi mmodzi.
Paima kakowa.
Madzi sakumufika ndi m'mawondo omwe.