Mbozi za ku Atok

Nkhungu ikamatsika m'mapiri a Atok,
Florencia amasungunula ufa m'chigubu,
ufa wamoyo, mabakiteriya ali mtulo.
Amadikira madzulo, poti dzuwa limawapha.

Amapopera kunsi kwa masamba a kabichi
komwe mbozi zaboola timawindo.
Usiku zimadya.
Kukacha zaleka, matumbo abooka.
Tsiku lachitatu zili lende,
zakuda bii ngati ulusi wopserera.

Njuchi imadutsa osatsokomola.
Kangaude akadali pa ukonde wake.

Dencio, mwamuna wake,
amene mankhwala akale aja anamudya m'chifuwa,
wakhala pa khoma la miyala
kuwerenga mitu yokwera lole ya ku La Trinidad.
“Nanga zikadzawazolowera amenewanso?”

Florencia satembenuka.
Akutsuka chigubu.