Mwezi Wotsekeredwa

Timakhala ku Chinamwali,
koma unamwali unkangomulambalala mwana wanga.
Anzake anayamba kale kubisa tinsalu m'zikwama,
Ndaziona, zaka khumi ndi zisanu, mawere ataima,
akuyanikabe zoyera zokhazokha.

Mwezi ukakhala, iye pamphasa,
kudzipinda ngati bongololo,
panado awiri, botolo la madzi otentha pachinena.
Masiku atatu, kenako zii.

Ndiye mimba inatukuka pansi pa mchombo.
Amayi a pampopi anayamba kuwerenga zala.
Ndinatseka chitseko, ndinafunsa dzina la mnyamatayo,
ndipo dzanja ili,
losankha tomato ku Mpondabwino osamufinya,
linatera patsaya lake.
Anati, Amayi, mwamuna sindimudziwa.
Ndinati, bodza.

Usiku umene mkodzo unakana kutuluka
tinakwera njinga yamoto, chifunga chikutsika m'phiri,
iye pakati, akundikanda ntchafu,
mpaka pageti la Chipatala Chachikulu.
Anamuika kapaipi, anapumira m'mwamba.
Anayeza: pathupi palibe.
Anamupaka mafuta ozizira pamimba, sikani ikuyendayenda,
pagalasi panaoneka chithaphwi chakuda.

Sisitala Nampinga anandikodola kuseri kwa katani.
Mayi, taonani nokha.
Kachikopa ka pakhomo aka anabadwa nako kopanda bowo,
ndi aka katupa ngati biringanya.
Mwanayu wakhala akusamba miyezi yonseyi,
magazi anasowa potulukira.
Si mdulo, si ufiti. Mnyamata palibe.

Ndinakhala pansi, pasimenti pomwepo.

M'mawa ku fiyeta anamugoneka tulo.
Kampeni kakang'ono, kabala kosaposa chikhadabo.
Akuti zinatsika zokha, zakuda, zokhuthala ngati phula,
mbale kudzaza;
sanafinye mimba, anangozisiya zipite pang'onopang'ono.
Miyezi isanu ndi iwiri inatuluka m'mawa umodzi.

Anadzuka n'kupempha fanta.
Ndinafunsa zanga zachikulire: adzabereka?
Sisitala anati, nthawi yake ikadzakwana, bwinobwino,
panopa amwe mankhwalawa, adzisamale paukhondo,
mubwere naye pakatha masabata awiri tidzaone ngati khomo silinatsekeke.

Lero m'mawa wandidzutsa monong'ona,
wandionetsa kadontho kofiira pachitenje.
Ndikadalulutira, koma ndaopa oyandikana nawo.
Ndamutuma kugolosale ndi ndalama za tomato wa dzulo.

Tsaya lija linapola kalekale.
Dzanja langa ndi limene likutenthabe.