Lamlungu Madzulo, Tsiku Lochapa Maburashi

Khala apa, Zefinha, sendeza beseni.
Lero sitidzoza munthu. Lero tichapa.

Yaikuluyi, yamutu ngati ndevu za chimanga,
ndinaigula pa msika wa Ulongwe
kwa mnyamata wa ku Domwe woyala malonda pa lona,
pakati pa mabatire ndi maloko a njinga.
Bokosi sindinaliyang'ane, bokosi limanama.
Ndinaisisita apa, pamkono m'kati,
pomwe khungu silidziwa kusyasyalika.
Ikakubaya apa, idzabaya mkwatibwi pa tsaya.
Kenaka ndinakoka ubweya ndi zala ziwiri,
monga umayesera nthenga za nkhuku m'madzi otentha.
Sunathothoke.
Anati mametikali zana ndi makumi asanu,
ndinam'siyira zana ndi makumi awiri, tonse tikuseka.

Usasirire thumba lija la maburashi makumi awiri
lomwe amatsika nalo m'chapa a ku Tete.
Nkhope ili ndi mabwalo angati?
Ya pauda, ya masaya, ziwiri za zikope,
yopendekeka ya nsidze, ndi kasiponji aka.
Zinazo n'zoopsezera makasitomala.

Madzi akhale ofunda, osambitsira khanda.
Mutu uloze pansi.
Pansi, ndati!
Akalowa m'khosi mwa chitsulomu
guluu amagonja mwakachetechete,
mawa ubweya udzatsala pa mphuno ya mwini ukwati.
Dontho la sopo wofewa pachikhatho,
zunguliza, usakhutize ngati ukukwecha poto.

Taona zikutulukazo.
Uyu ndi mkwatibwi wa dzulo wa ku Lifidzi,
thukuta lake, mantha ake.
Uyu ndi namwino uja amakajambulitsa chiphaso.
Ili ndi fumbi la mseu wa ku Kalomwe.
Onsewa anagona mu burashi imodzi
osadziwana ndi dzina lomwe.

Chaka chomwe ndinayamba ndinali waulesi.
Atsikana asanu operekeza mkwatibwi,
burashi ya zikope imodzi, yosachapa mwezi wathunthu.
Pofika Lachiwiri onse maso psuu,
otupa ngati awaluma mavu.
Mayi Anastácia sanandilalatire.
Anangosiya kundipatsa moni
mpaka kachewere anakumbidwa kawiri.
Bola akanandimenya.

Tsukuluza mpaka madzi ayere.
Finya m'thaulo, usapotole,
ubwezere mutu m'maonekedwe ake ndi zala
monga umakonzera kolala ya mwana wa sukulu.
Igoneke m'mphepete mwa tebulo, ubweya uli panja.
Usaimike m'kapu. Usayanike padzuwa.
Mu Juni wa kuno, ndi chisanu chotsika m'mapirimu,
imatenga masiku awiri, nthawi zina atatu.
Uidikire. Yonyowa imanunkha nguwi.
Siponji ikayamba kung'ambika, taya,
usaimvere chisoni, si m'bale wako.

Iyo ayi.
Bwezera m'kansalu momwe waipeza.

Ndikudziwa, chigwiriro n'chosweka,
ndinachimanga ndi ulusi wakuda,
ndipo ubweya wauma ndi utoto.
Inali ya Gracinda, mkulu wa amayi ako.
Sunam'peze.
Ndiye anandiphunzitsa ku Moatize,
m'kachipinda komwe fumbi la malasha
linkatera pagalasi tisanamalize nkhope imodzi.
Ankandimenya pa zala ndi chigwiriro chomwechi:
pepuka dzanja, Ermelinda, sukuzira nyumba.

Tsiku lomwe tinakam'tenga kuchipatala
azimayi atam'sambitsa anandiyang'ana ine.
Khungu lozizira silimwa pauda, Zefinha,
palibe anandiuzapo zimenezo.
Ndinapepuka dzanja.
Ndinam'paka pa masaya kofiirira kake kaja,
pang'ono, kuti ana am'zindikire.

Zonse ndakuuza lerozi n'zoona.
Chapa Lamlungu lililonse, usaphonye.
Koma iyi yatha zaka zisanu ndi zinayi
ndipo sinakhudzenso nkhope ya munthu.

Kataye madziwo kuseri, pa mpiru ayi.
Ukabwera uwerenge zili patebulo.
Zikhale zisanu, ndi kasiponji.