Mkukuluzi

Magetsi azimanso kuno ku Bangula.
Laputopu yatsala ndi moto wa ola limodzi,
udzudzu ukulira m'khutu,
ine maso ali pa kamlalang'amba
kochepa ngati njere ya chitowe.

Powalapo ndilibe napo ntchito.
Ndikufufuza m'mbali, mumdima wotuwa,
momwe kanzake kanang'ambika
n'kumataya nyenyezi m'njira
ngati thumba la mapira lobooka panjinga.

Malume Alufandika akuseka:
"Sukulu yonse ija, kukaphunzira kuyang'ana popanda kanthu?"

Komatu ndi iwo omwe, madzi a Ruo ataphwa,
anapondaponda matope ku Makhanga
kutsata mapale ndi tizidutswa ta mbale
mpaka anaima chilili:
"Khomo lathu linali apa."

Ndawonjezera kuwala pang'ono.
Kamzere.
Kaya nyenyezi, kaya fumbi pagalasi.
Ndapukuta ndi malaya.
Kadakalipo.