Pamene Manja Amagwira

Masilaidi anali makumi anayi ndi awiri
usiku umene ndinawayeserera pamaso pa Bambo
kukhitchini kwathu ku Valparaíso,
kompyuta itatsamira botolo la mafuta ophikira.
Kumunsi, magetsi a padoko ankathwanima pamadzi,
kireni imene anaiyendetsa zaka makumi atatu
itaima chilili, ngati ikumvera nawo.

Pa silaidi yachisanu ndi chinayi mutu wawo unayamba kulemera.
Pa yakhumi ndi chiwiri, mkonono.

Ndinawagwedeza phewa.
"Maite, sindinagone ayi," anatero,
"koma manambala akowa athithikana ngati makontena.
Ndikusowa pokolowekera maso."

Ndisaname, zinandiwawa.
Miyezi itatu ndikukwera ndi kutsika masitepe a phiri lathu,
kulemba aliyense amene anagwapo,
tsiku lake, ndi fupa limene linathyoka,
lero ati makontena?

Komabe ndinakhala pansi
mpaka basi yoyamba itayamba kubuula pachitunda.
Galafu ya mitundu isanu ndi umodzi,
ija ndinkainyadira ngati mwana wanga: fufutu.
Mawu ouluka chozungulira kuchokera kumanzere: fufutu.
Anatsala asanu ndi awiri okha.
Zilembo ndinazikulitsa
kuti ngakhale woiwala magalasi kunyumba
aziwerenge ali kumpando wakumbuyo.

Lachiwiri, m'chipinda cha khonsolo:
makhansala khumi, khofi wozizira kale,
zala zikusisita mafoni kunsi kwa tebulo.
Chingwe cha pulojekita chinakana kulowa.
Baltazar wa zamagetsi anagwada pa kapeti
kupapasa kolumikizira m'matumba onse a jekete,
mphindi zanga khumi zikudontha ngati mpopi wakutha.
Kenako khoma mbee!

Kadontho kofiira kolozera
kankavina pakhomapo, kuulula dzanja langa.
Ndinakazimitsa.
Ndinafulatira zolemba zanga n'kuyang'ana anthu.

Silaidi yoyamba, nambala imodzi yokha:
masitepe zana ndi makumi asanu ndi limodzi mphambu anayi.
Yachiwiri, mawu awiri: chogwirira palibe.
Yachitatu inalibe chilembo n'chimodzi chomwe.
Khoma lachikasu basi,
ndi mzere wakuda, wosalala, pamsinkhu wa m'chiuno,
pamene manja a anthu otsika akhala akudya penti
chaka ndi chaka,
ndipo pakona, dzanja la Mayi Eduviges,
mitsempha ili tolotolo,
kathumba ka buledi kakulendewera pamkono.

Ndinatseka pakamwa.
Ndinawerenga mumtima mpaka kasanu,
poti Bambo amati ukatsitsa katundu
usathamangire kumasula ndowe.

Zii.

Khansala Olguín anaika foni chafufumimba.
"Musapitirire. Tasiyani pomwepo.
Khomalo ndikulidziwa.
Ndinkalikhudza ndili mwana, popita kusukulu."
Anakhosomola. "Nanga zitsulozo n'zingati?"

Mayo ine! Mtengo unali pa silaidi yamakumi atatu,
imodzi mwa zija ndinafufuta mbandakucha.
Ndinautchula pamtima, mawu akugwedera,
n'kuulemba ndi cholembera kuseri kwa pepala la ndondomeko,
ndipo pepalalo linayenda dzanja ndi dzanja
kuposa mmene galafu yanga ikanayendera.

Sanalonjeze kanthu.
Anati adzaikambirana m'Malichi.
Baltazar anandibwezera chingwe
atachikulunga bwino, mosiyana ndi mmene ndinabwera nacho.

Madzulo, pokwera kunyumba, chikwama chikulemera,
mphepo ya kunyanja ikundikankha kumsana,
ndinadzidzimuka pa sitepe yamakumi asanu ndi atatu:
dzanja langa lili pamzere womwewo,
likuwonjezerapo lake.

Bambo anali pakhomo, atavala sikafu.
"Anagona angati?"
"Mmodzi," ndinatero. "Wakumapeto, pafupi ndi zenera."
Anagwedeza mutu, n'kunditsegulira chitseko.
"Mmodzi yekha? Lowa, tiyi akuzizira."